Galimoto Yoyendera Dizilo Ifuniranji Madzi?

Galimoto imayendera dizilo kapena petulo, zimenezo ngakhale mwana wa sitandade 1 amadziwa. Nanga n'chifukwa chiyani dalaivala aliyense wa galimoto yakale kuno ku Champhira sanyamuka popanda chigubu cha madzi kumbuyo? Madziwo amakagwira ntchito yanji m'kati mwa chitsulo mmene mukuyaka moto? Ndipo akatha, amakhala atapita kuti?

Ine sindiyendetsa galimoto. Changa ndi kabuku ka ndalama. Achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg monga amachitira amuna ambiri a kuno ku Mzimba, anabweretsa Toyota Land Cruiser yakale, ya mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1990 mpaka 1997, ya injini ya dizilo ya masilinda 6 yotchedwa 1HZ. Anaisiya pakhomo kuti izithandiza banja. Mwana wa achemwali anga ndiye amaiyendetsa, ine ndimalemba zolowa ndi zotuluka. Imanyamula tomato ndi anyezi kupita nazo pa msika wa Jenda, feteleza mvula ikayandikira, ndipo munthu akadwala mwakayakaya usiku, anthu amagogoda pakhomo pathu kuti tiwathamangitsire ku chipatala cha Katete, cha Embangweni kapena cha pa boma ku Mzimba. Ndiye ikafa, sakhala mavuto a banja lathu lokha.

M'kabukumo mawu ena ankangobwerezabwereza. Yaboila pa chikweza. Yaboila pochokera ku Khosolo. Paipi yaphulika. Ndalama zinkatuluka pang'onopang'ono koma mosalekeza, ndipo ndikafunsa yankho linali limodzi: galimoto yakale ndi mmene imakhalira, komanso dziko lathu n'lotentha. Mtima wanga sunkakhazikika nalo yankho limeneli. Kuno sikutentha ngati ku Nsanje kapena ku Karonga. Mu Juni ndi Julaye timafunda mabulangete awiri. Land Cruiser za injini yomweyi zimagwira ntchito m'zipululu za ku Sudan ndi ku Australia. Ndiye yathuyi iziboila bwanji pa Champhira?

Ndinatenga mafunso anga n'kupita nawo kwa makaniko wina wachikulire wa pa Jenda, amene wakhala akukonza mapikiapu ndi malole kuyambira ine ndili mtsikana.

"Adada, madzi m'galimoto amatani?"

"Amanyamula kutentha, amama."

Anandifotokozera kuti dizilo akamayaka m'masilinda, si mphamvu yake yonse imene imafika ku matayala. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limayendetsa galimoto. Gawo lina longa lomwelo limatuluka ndi utsi kumbuyo. Lotsalalo limalowa m'chitsulo cha injini, ndipo likapanda kuchotsedwa chitsulocho chimafufuma, chimapindika, mapisitoni amakanirira m'malo mwake, injini n'kuuma gwa. N'chifukwa chake opanga anasiya tinjira m'kati mwa chitsulocho, tozungulira masilinda onse. Pampu yoyendera lamba imakankha madzi m'tinjirato. Madziwo amatola kutentha n'kutulukira pa paipi yam'mwamba kupita mu radiyeta, mmene amagawikana m'timachubu tambirimbiri topyapyala, mphepo ikuwomba pakati pake. Akazizirako amabwerera mu injini kudzera pa paipi yam'munsi, n'kuyambiranso ulendo womwewo.

"Ndiye kuti amangozungulira? Satha?"

"Sayenera kutha. Mukamathira tsiku ndi tsiku, dziwani kuti penapake pakudontha."

Ngati zili choncho, chigubu chimene tonse tinachizolowerachi chikutiuza kuti galimoto ikudwala. Nanga bwanji palibe amachiona motero? Munthu amathira madzi m'mawa uliwonse chaka chathunthu osafunsa kumene akulowera. Malo odonthawo si obisika kwenikweni. Pampu ili ndi kabowo kunsi kwake kamene kamayamba kudontha labala wam'kati akatha. Mapaipi a labala amafewa kapena kuchita ming'alu pafupi ndi zomangira zake. M'mbali mwa injini muli tizitsekero tachitsulo tozungulira timene dzimbiri limatiboola, ndipo palinso timapaipi tiwiri tolowa m'kati mwa galimoto topita ku hita. Pamene pakudontha pamatsala mzere woyererako kapena wofiirira madzi akauma. Kungogwada ndi tochi m'mawa injini isanalizidwe, munthu amauona.

Injini itazizira, choyamba kuchotsa pa galimoto yathu chinali kanthu kokwana m'dzanja langa: kapu ya radiyeta. Ndinaitembenuza. Kunsi kwake kuli sipuling'i ndi timalabala tiwiri tozungulira. Kam'munsi kanali kouma, kong'ambika mbali imodzi, m'mphepete mwake mutamatirira matope a dzimbiri. Nditapukuta fumbi pamwamba ndi chala panaoneka nambala: 0.9.

"Adada, chotsekera ntchito yake si kutseka basi? Nambalayi ndi yachiyani?"

Yankho lake linayambira kutali. Madzi amawira pa madigiri 100 kumunsi, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Munthu akamakwera kumtunda mpweya umapepuka, ndipo madzi amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse. Boma la Mzimba lili pamtunda wa mamita opitirira 1,300, ndiye kuno madzi a m'poto amawira pa madigiri 95 kapena 96, ndipo pamwamba pa mapiri a Viphya amafulumirapo. Injini yolemedwa ndi matumba pa chikweza siichedwa kufika pamenepo. Sipuling'i ya mu kapu ija imapanikiza madziwo kuti asawire msanga, ndipo nambala ija ndi muyeso wa kupanikizako. Kapu ikakhala yamoyo, madzi amatha kupitirira madigiri 110 ali madzibe. Ikafooka amawira msanga, nthunzi n'kuwakankhira kunja kudzera m'kapaipi kopita m'botolo la pambali, pomwe nthunziyo siinyamula kutentha monga amachitira madzi. Kapu yabwino ili ndi ntchito inanso: injini ikamazizira, imalola madzi amene anathawira m'botolo aja kuti abwerere mu radiyeta.

Ndiye kuti ife a kumtunda kuno kapu timaifuna kuposa anzathu a ku Nkhata Bay? Iwo anavomera. Nanga bwanji ndimaona magalimoto pa Jenda pakamwa pa radiyeta atatsekapo ndi chisanza, kapena pulasitiki yomanga ndi lekeni? Mtengo wa kapu suyandikira n'komwe mtengo wa tayala limodzi. Kodi n'kusowa ndalama, kapena palibe anawauza kuti kanthu kameneka kali ndi ntchito?

Yankho limene linandivuta kulandira ndi la madzi a pa mjigo. Madzi amenewa timamwa, timaphikira, ana athu akula nawo. Chitsulo angachilakwire chiyani? Amakanikowo sanalimbane nane. Anangoti ndikafika kunyumba ndikasuzumire m'ketulo. Ndinakasuzumiradi. Pansi pake ndi m'mbali mwamatirira chikhungwa choyera, cholimba, chosachoka ndi sopo. Ndi michere ya m'nthaka imene imasungunuka m'madzi akadali pansi, n'kumatsalira madziwo akatenthedwa. Mijigo imasiyana, ina ili nayo yambiri ina yochepa, koma ketulo yathu ikuchitira umboni mjigo wathu. Ketulo ndi yotakasuka, ingakhale ndi chikhungwacho zaka zambiri ikuwiritsabe tiyi. Timachubu ta radiyeta n'tothina kwambiri, moti kachikhungwa kochepa kokha kamatitseka kamodzikamodzi mpaka theka la radiyeta kuleka kugwira ntchito, kunjaku ikuoneka yabwinobwino. Madzi a mumtsinje kapena padambo amabweranso ndi matope awo. Ndipo madzi alionse, ngakhale ayere bwanji, akakhala okha m'chitsulo amabala dzimbiri. Amene anatuluka mu radiyeta yathu atatsegula kunsi anali ofiira, olemera ndi matope.

Apa m'pamene panalowera nkhani ya coolant, madzi obiriwira kapena ofiira aja ogulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto. Ndinkamva kuti ku Ulaya amawathira kuti madzi asaundane ndi chisanu. Kuno ndani anaonapo madzi ataundana mu injini? Ndiye tiwagulirenji? Akuti m'menemo mulinso mankhwala oletsa dzimbiri ndi oteteza pampu, komanso amachititsa kuti madzi achedwepo kuwira. Mankhwalawo amatha mphamvu, n'chifukwa chake coolant wamba amasinthidwa pakatha zaka ziwiri, ngakhale akuonekabe wobiriwira. Wina amabwera wosakaniza kale, wina umasakaniza wekha theka ndi theka, monga palembedwera pa botolo. Madzi osakanizira akhale a mvula osefa bwino, otungidwa denga litatsukika kale, kapena madzi oyera aja othira mu batire. Apa anandichenjeza kawiri konse: madzi a batire, osati asidi wa batire. Wofiira ndi wobiriwira asasakanizidwe. Akafuna kusintha mtundu, ayambe atsuka m'kati monse.

Chimene chinandiopsa monga kholo ndi ichi: coolant ndi poizoni, koma amatsekemera. Muli mankhwala otchedwa ethylene glycol amene amawononga impso, ndipo pang'ono pokha pangaphe galu kapena mwana. Bwanji nanga ena amasungira wotsala m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kuliika pakhonde? Kwathu ndinalamula kuti azikhala m'botolo lake lomwelo, pamwamba, ndipo wakale asakhuthulidwe pabwalo pamene nkhuku ndi ana amasewera, kapena kufupi ndi chitsime.

Kenako amakanikowo anamasula kachigoba kamene paipi ya radiyeta imalumikizirana ndi injini. Anandiitana kuti ndione. M'katimo munali mopanda kanthu.

"Muno mumakhala thermostat. Wina anaichotsa."

"Anaichotseranji, adada?"

"Amati kuno n'kotentha, ndiye imatchinga madzi."

Kunena zoona, maganizo amenewo amamveka anzeru. Injini ikutentha, chotsani chotchingacho kuti madzi aziyenda momasuka. Koma panali chimene chinkandizunguza. Amene anapanga galimotoyi ankadziwa kuti idzagwira ntchito ku maiko otentha. Ngati kanthuka n'kosafunika kuno, anakaikiramo chiyani? Kodi kampani ingamagule chitsulo, kulipira anthu, kuika m'magalimoto zikwizikwi chinthu chongosokoneza?

Anatulutsa thermostat ina m'bokosi lawo la zitsulo, n'kuimanga ku waya, n'kuiviika m'chitini cha madzi pa mbaula. Pa mkombero wake panali nambala yodinda. Zina zimalembedwa 76, zina 82, malinga ndi injini yake, ndipo amenewo ndiwo madigiri amene imayambira kutseguka. Madzi ali ofunda sinagwedezeke. Atayamba kutulutsa nthunzi ndinaona kambale ka pakati kakusuntha pang'onopang'ono, mpata n'kumakula mpaka nsonga ya chala ikanalowa. Ataitulutsa n'kuiika pa thabwa, inabwerera yokha mwakachetechete mpaka kutseka. M'kati mwake muli sera amene amafufuma akatenthedwa n'kukankha kachitsulo. Mulibe waya wamagetsi, mulibe chilichonse chovuta.

Ntchito yake yoyamba ndi kusunga madzi m'kati mwa injini m'mawa kuti ifunde msanga. Injini yozizira siiwotcha bwino dizilo, imafuka, mwaye umalowa mu oyilo, ndipo zitsulo zake zimadyana kuposa pamene yafunda. Taganizani za m'mawa wa mu Julaye ku Luwawa kapena ku Chikangawa, nkhungu ili mbuu, galimoto yopanda thermostat ikutsetsereka: imatha kuyenda mtunda wautali osafunda n'komwe. Ntchito yachiwiri ndiyo inandidabwitsa. Mu injini zambiri muli njira yachidule imene madzi amazungulira osadzera ku radiyeta pamene injini ikadali yozizira. Thermostat ikamatsegula njira ya ku radiyeta, kambale kena kunsi kwake kamatseka yachiduleyo. Mukaichotsa, njira yachidule imakhala pululu nthawi zonse, ndipo ena mwa madzi otentha amangobwerera mu injini osaiona radiyeta. Ndiye galimoto yomweyo m'mawa imakanika kufunda, masana pa chikweza n'kuboila. Ndinatsegula kabuku kanga. Zinali momwemo.

Sindikunyoza amakaniko athu a kumudzi, amene amadzutsa magalimoto oti kwina akanawataya kalekale. Thermostat imathadi kufa itatseka, ndipo ikatero injini imaboila nthawi yomweyo. Kuichotsa usiku pakati pa tchire kuti wodwala akafike kuchipatala ndi nzeru. Chimene sindikumvetsa n'chakuti chinthu chochitika pa ngozi chinasanduka bwanji lamulo? Ndipo bwanji mwini galimoto sauzidwa kuti mwachotsedwa kanthu, kuti akapeza ndalama agule kena?

Ndinafunsanso funso limene mwina ndinayenera kuyambira: kutenthako kukafika mu radiyeta kumapita kuti? Kumapita ndi mphepo. Nanga mphepoyo ikapanda kudutsa? Anakankhira galimoto pamthunzi, n'kuyatsa tochi kuseri kwa radiyeta, ine n'kugwada kutsogolo. Kuwala kunkangooneka mwa apo ndi apo. Kutsogolo kwa radiyeta kuli inzake yopyapyala, ya eyakoni, imene amaitcha condenser, ndipo pakati pa ziwirizi pali mpata wongolowa zala ziwiri. Atapendeketsa radiyeta, mumpatamo munali mutadzaza njere za udzu, timankhusu, mapiko a agulugufe ndi ngumbi, zonse zitagwirana ndi fumbi lofiira n'kukhala chinthu chimodzi chochindikala choti n'kuchikoka ndi dzanja. Kuyambira Epulo mpaka Juni tsekera amakhala atatalika mbali zonse za tinjira topita ku minda, galimoto imadutsa ikumugwetsa ndi chifuwa, njere zonse zikulowa kutsogolo. Palibe amaziona, poti zili kuseri. Kutentha kwa Okutobala kumadzapeza khomo la mphepo litatsekeka kale. Kutsuka kwake n'koyambira kumbuyo kukankhira kutsogolo, ndi madzi kapena mpweya wosapanikiza kwambiri. Waya ndi msomali ayi, chifukwa timapepala tachitsulo ta pakati pa machubu n'tofewa, tikagona ndiye tatsekanso mphepo.

Nanga bwanji imaboila pa chikweza, ikuyenda pang'onopang'ono, koma pa msewu wa M1 ikamathamanga ayi? Ine ndinkayesa kuthamanga ndiye kotenthetsa. Akuti ikamathamanga mphepo imalowa yokha. Pa mapiri a ku Khosolo, ili m'giya yoyamba kapena yachiwiri, injini ikugwira ntchito yaikulu pomwe mphepo palibe, ndiye zonse zimatsamira pa fani.

"Koma fani ikuzungulira, adada, ndimaiona ndi maso."

Kuzungulira kulipo kuwiri. Pakati pa fani ndi injini pali kachigoba kokhala ndi mafuta olemera a silikoni, kutsogolo kwake kuli kachitsulo kopiringizika kamene kamamva kutentha kwa mphepo yochokera mu radiyeta. Kukatentha, kachigobako kamagwira mwamphamvu fani n'kuyamba kukoka mphepo mpaka kumveka kulira. Mafutawo akatayika fani imangotsatira mwaulesi. Kuyesa kwake n'kosavuta: injini itafunda bwino, muizimitse, mukankhe fani ndi dzanja. Ikazungulira kangapo yokha popanda chogwira, yafa. Yathu inali yamoyo, koma chipulasitiki chozungulira fani chinali chitasweka n'kutayidwa kalekale. Popanda chimenecho fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo mokoka yodutsa mu radiyeta. Za malamba sanachedwepo: akhale osang'ambika, osalendewera, ndipo ena apadera azikhala m'galimoto.

Mnyamata wathu woyendetsa uja anali pomwepo, ndiye ndinafunsa kuti ikaboila panjira azitani. Ngati madzi akadalimo ndipo muvi wa geji ya kutentha wangokwera, aime pambali, azimitse eyakoni, atsegule hita mpaka kumapeto, injini izilira pang'onopang'ono mpaka muvi utsike. Hita ndi karadiyeta kakang'ono, kamathandiza kutaya kutentha. Ngati madzi akukhuthuka pansi, azimitse nthawi yomweyo. Kapu asaikhudze mpaka paipi yam'mwamba itazizira moti n'kuigwira ndi dzanja, chifukwa madzi opanikizidwa aja amatumphukira kumaso. Asathire madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri, hedi, chitsulo chovindikira masilinda pamwamba, imang'ambika. Anawonjezanso china choopsa: madzi akatheratu muvi umatha kutsika, chifukwa kachipangizo koyeza kutentha kamakhala kali pouma. Dalaivala amasangalala kuti yazizira pomwe injini ikupsa. Hita ikayamba mwadzidzidzi kutulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, chimenecho ndi chizindikiro choti madzi achepa. Zikafika poti mu radiyeta mukutuluka thovu injini ikulira, kapena oyilo wasanduka wotuwa, kapena utsi woyera sukuleka ngakhale injini yafunda, ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa, ndipo ndalama zake si za kapu.

Ena amati radiyeta ikamadontha muthiremo ufa kapena dzira laliwisi, bowo limatseka. Mwina limatsekadi. Koma ufawo umadziwa bwanji kuti bowo ili ndi lofunika kutseka, timachubu iti n'tofunika kusiya? Radiyeta zakale za mkuwa zili ndi ubwino woti amisiri amazitsegula, kutokosa kachubu kalikonse, n'kuwotchereranso. Yathu inakonzedwa choncho.

Eyakoni inali nkhani ina. Inali itasiya kuziziritsa, ndipo aliyense ankati gasi watha, kathiritseni wina. Gasi wophikira amatha chifukwa amayaka. Nanga uyu amayakira kuti? Amakaniko a pa Jenda anati zimenezo si zawo, n'kutilozera kwa mnyamata wina wokonza mafiriji ndi maeyakoni ku Mzuzu. Titafika kumeneko ndinamufunsa.

"Achimwene, kuzizirako kumachokera kuti?"

"Sikuchokera kulikonse, amama. Makinawa amangotola kutentha m'kati mwa galimoto n'kukakutaya panja."

Gasi wake, wotchedwa R134a, amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro. Kompuresa, imene imayenderanso lamba wa injini, imamupanikiza mpaka kutentha kwambiri. Akafika mu condenser mphepo imamuziziritsa n'kusanduka wamadzimadzi. Amadutsa m'kabotolo kosefa ndi kuyamwa chinyezi, n'kukafika pa kabowo kakang'ono kwambiri. Akangodutsa pamenepo kupanikizika kumatha, amayamba kuwira m'timachubu ta kuseri kwa dashibodi, ndipo powirapo amayamwa kutentha kwa mpweya wa m'galimoto. Kenako amabwerera ku kompuresa. Firiji ya mugolosale imagwira ntchito mofananamo.

Ndinakhala kaye chete, kenako ndinafunsa ngati ndamva bwino: kutentha kwa anthu okhala m'galimoto kumakatayidwa kutsogolo kwenikweni kwa radiyeta? Anati eya. Mphepo imafika pa radiyeta itafunda kale, kuwonjezera apo kompuresa ikulemetsa injini. N'chifukwa chake pa chikweza chachitali muvi ukayamba kukwera dalaivala amazimitsa eyakoni. Ndiponso njere za udzu zija zinkapha zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Gasiyo nayenso amangozungulira, sayenera kutha. Akachepa ndiye kuti wapeza potulukira. Popeza amayenda limodzi ndi oyilo wa kompuresa, pamene akuthawira pamakhala ponyowa ndi mafuta, fumbi n'kumatirirapo. Anandionetsa banga lotero pakona ya condenser yathu, pamene mwala unamenya. Misewu yathu ya miyala ndi mabampu imachita zimenezi, imang'ambanso timapaipi ta aluminiyamu pogwedeza. Timalabala ta m'malumikizo timauma eyakoni ikakhala miyezi osayatsidwa, ndiye anati tiziiyatsa mphindi 10 sabata iliyonse, ngakhale mu Julaye. Mu Julaye, kukuzizira choncho? Anati inde, ndipo imathandizanso: imaumitsa mpweya, ndiye galasi lakutsogolo likachita nthunzi m'nkhungu ya ku Chikangawa limayera msanga. Chinyezi chimene yachotsacho ndicho chimadontha pansi pa galimoto eyakoni ikamagwira ntchito. Amenewo si madzi a mu radiyeta, ndipo akayamba kunyowetsa kumapazi kwa wokhala kutsogolo ndiye kuti kapaipi kotayira katsekeka ndi matope.

Ndiye wongothira gasi osafufuza bowo akugulitsa chiyani? Pakapita milungu ingapo gasiyo amakhala atathawanso. Kukonza kwenikweni, monga anandifotokozera, n'kupeza podontha, kusintha kabotolo koyamwa chinyezi ngati mapaipi anakhala otsegula, kukoka mpweya wonse ndi chinyezi pogwiritsa ntchito pampu yake, kenako kuthira gasi pa sikelo. Magalamu ake analembedwa pa kachipepala komata kunsi kwa boneti. Chinyezi chikatsalira chimaundana pa kabowo kaja n'kutseka, komanso chimawononga zitsulo m'kati. Kuthira wopitirira muyeso sikuwonjezera kuzizira, kumangopweteka kompuresa.

Kachipepalako kamanenanso mtundu wa gasi. Magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1993 kapena 1994 ankagwiritsa ntchito R12, amene anapezeka kuti amawononga mpweya wa ozoni wotiteteza ku ukali wa dzuwa. Maiko anasainirana pangano ku Montreal mu 1987 kuti gasi wotere athe, ndipo maiko osauka monga Malawi anapatsidwa mpaka 2010. Makina a R12 ndi a R134a amafuna oyilo wosiyana, choncho galimoto yakale kwambiri siingangothiridwa gasi watsopano osasintha zina. R134a naye ali ndi mlandu wake: kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 1,430 a mpweya woipa wa carbon dioxide, n'chifukwa chake mu 2016 ku Kigali maiko anagwirizananso zoyamba kumuchepetsa. Ndiye gasi amene amathawa pa kabowo ka mwala m'galimoto yathu pa msewu wa ku Embangweni amawerengedwa nawo pa kusintha kwa nyengo kumene tikudandaula nako m'minda? Mnyamatayo anati amawerengedwa. Anandichenjezanso za anthu amene amathira gasi wophikira kapena R600a wa m'mafiriji a m'nyumba chifukwa chotsika mtengo. Onsewa amayaka moto, ndipo mapaipi ake amadutsa pafupi ndi injini yotentha komanso kutsogolo kwa maondo a anthu.

Achimwene anga a ku Johannesburg aja nditawaimbira foni anati eyakoni ndi za anthu a m'tauni, tiisiye, mawindo alipo. Pa galimoto ina ndikanavomera. Koma yathuyi imanyamula amayi oyembekezera, makanda ndi nkhalamba zobanika m'chifuwa. Mu Okutobala pa msewu wa fumbi, ukatsegula mawindo wodwala akupuma fumbi, ukatseka akuwauka ndi kutentha. Kodi pamenepo eyakoni ndi kunyada? Ndinawauza maganizo anga, ndipo tinagwirizana kuti injini iyambe, poti galimoto yopanda eyakoni imafikabe kuchipatala pomwe yoboila siifika. Kapu, thermostat, mapaipi awiri aakulu, chipulasitiki cha fani ndi coolant zinagulidwa, radiyeta inatsukidwa. Condenser yatsopano atumiza kuchokera ku Johannesburg kudzera kwa onyamula katundu aja obwera ku Mzimba, ndipo ndawapempha kuti m'katoni yomweyo aikemo kapu ina ya 0.9 ndi thermostat ina, zizikhala pansi pa mpando pamodzi ndi malamba.